Mayeso enieni a mwana wa ku Dedza ali pamsika wa mbatatesi

Aliyense amene adayendapo pamsewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kulowera ku Ntcheu akudziwa kuti galimoto ikangolowa m'boma la Dedza, maso amakumana ndi ndowa za mbatatesi zitandanda m'mbali mwa msewu. Pa Chimbiya, pa Dedza boma, pamphambano ya ku Bembeke mpaka kukafika pa Lizulu, amayi, abambo ndi achinyamata amapirira chisanu cha mu June, manja ali m'khwapa, kudikira ogula.

Pakati pa ogulitsawo pali anyamata ndi atsikana amene adafika Fomu 4. Ena adakhoza, ena mayeso adawavuta. Onsewo akudziwa kuwawa kwa kuchezera usiku ndi mapepala a mayeso akale, aja amawatcha ma past paper, kubwereza samu imodzimodzi mpaka yankho litakhazikika m'mutu. Koma venda wa ku Blantyre akafika ndi chithumba chake chosokerera n'kutchula mtengo, ndi angati mwa iwo amene amatenga cholembera n'kuwerengera ngati malondawo ali ndi phindu kapena ayi?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ana a kuphiri la Dedza, monganso anzawo m'dziko lonse lino, amayeserera mafunso ambirimbiri a masamu, sayansi ndi zachuma pokonzekera mayeso. Vuto ndi lakuti ambiri mwa mafunsowo amabadwira papepala n'kuferanso papepala pomwepo. Nthawi yakwana yoti gawo lina la mafunso oyesererawa lizichokera kudimba, kumsika ndi kuphiri kumene mwanayo amakhala, chifukwa kumeneko n'kumene adzalembe mayeso moyo wake wonse.

Dedza si mlendo pankhani ya maphunziro. Sekondale ya boma ya Dedza, yomwe ambiri amangoitchula kuti Box 48, idatsegulidwa m'chaka cha 1951, nthawi imene sekondale m'dziko muno zidali zowerengeka ndi zala. Malemu Bingu wa Mutharika, yemwe adadzakhala katswiri wa zachuma komanso mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2012, adamaliza maphunziro ake a sekondale pasukuluyi m'chaka cha 1956. Ku Bembeke kuli koleji ya St Joseph's yosula aphunzitsi, pomwe ku Chongoni kuli koleji ya zankhalango. Choncho bomali silisowa anthu odziwa masamu ndi sayansi. Chomwe chikusowa ndi mlatho pakati pa zimene zili pabolodi ndi zimene zili kunja kwa zenera la kalasi.

Chizolowezi choloweza mayankho chili ndi pochokera pake. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zidali zabwino kuti ana a anthu osauka adalowa m'kalasi, koma aphunzitsi, mabuku ndi zipinda zophunziriramo sizidakule pa liwiro lomwelo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo ophunzirira amene ankatchedwa ma MCDE adasandutsidwa sekondale zoyendera za m'midzi, zambiri mwa izo zopanda chipinda choyeseramo za sayansi. Mphunzitsi amene ali ndi ana 100 m'kalasi, buku limodzi m'manja ndi mayeso a Maneb akubwera, njira yachidule imene amaipeza ndi kulemba funso lakale pabolodi, kulemba yankho lake pansi, n'kuuza ana kuti akopere.

Zotsatira zake zidaoneka kalekale. Pa kafukufuku wa Sacmeq wa m'chaka cha 2007, yemwe adayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, Malawi idali yachiwiri kuchokera kunsonga ya mchira pa masamu, kuposa Zambia yokha. M'chaka cha 2020 mayeso a Fomu 4 adabedwa, boma lidawaimitsa mu November, ndipo ana adalembanso mu January 2021. Zotsatira zitatuluka, amene adakhoza adali 41 okha mwa ophunzira 100 alionse. N'zoona kuti mliri wa Covid-19 udasokoneza sukulu chaka chimenecho. Komabe msika wa likasa sungayende bwino pakati pa ana odziwa njira yopezera yankho. Umayenda pamene ana adazolowera kuti kukhoza n'kuona funso lisadafike n'kuloweza yankho lake.

Pasakhale wina woganiza kuti kuyeserera n'kolakwika. Masamu ndi ngati bawo. Madala amene amatchova bawo patsinde pa mtengo pamsika wa Thete kapena Mayani amayang'ana maenje 32 ndi nkhomo 64, n'kuwerengera mumtima kumene nkhomo yomaliza ikagwere asadakhudze n'komwe bawolo. Luso limenelo adalipeza posewera kambirimbiri. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amaloweza masewero a dzulo n'cholinga choti adzawabwereze lero, chifukwa mnzake wa lero sayika nkhomo mmene adayikira wa dzulo. Mwana amene wachita mafunso 200 akumvetsa njira yake wakhwima. Amene waloweza mayankho 200 amangokakasika Maneb ikasintha nambala imodzi yokha.

Tsono mafunso ochokera kwawo kwa mwana angaoneke bwanji? Poyambira pabwino ndi pa mbatatesi pomwepo. Ziwerengero zake n'zongoyerekeza, popeza mitengo imasintha sabata ndi sabata, koma funso lake n'lenileni.

Mlimi wa ku Bembeke wakumba mbatatesi yokwana matumba 30 a venda, ndipo thumba lililonse limalowa ndowa 8. Venda akuti agula thumba pa K80,000. Pamsewu ndowa ikuyenda pa K14,000. Mlimiyu achite chiyani? Mwana wa Fomu 1 apeza kuti kwa venda mlimi alandira K2,400,000, pomwe ndowa 240 zogulitsa pamsewu zim'patsa K3,360,000. Kusiyana kwake ndi K960,000. Apa ambiri angafulumire kunena kuti venda ndi wakuba.

Koma mphunzitsi wabwino sayimira pamenepo. Kugulitsa ndowa 240 pamsewu kumatenga masiku, ndipo mbatatesi ina imawola. Ngati ndowa imodzi mwa 10 zilizonse yawonongeka, zatsala 216, ndalama yake K3,024,000, ndipo kusiyana kuja kwatsika kufika pa K624,000. Pachotsedwenso ndalama ya ngolo yotutira katundu kupita kumsewu, chiphaso cha pamsika ndi masiku amene mlimiyo akadakhala ali kudimba. Mwana akafika pamenepa waphunzira kuchulukitsa, maperesenti komanso mfundo yaikulu ya zachuma yakuti chisankho chilichonse chili ndi mtengo wake wobisika. Waphunziranso kufunsa funso limene makolo ake akhala akulifunsa kwa zaka zambiri: n'chifukwa chiyani mbatatesi imagulidwa pa thumba lomwe kukula kwake amasankha ndi wogula, pomwe dziko lili ndi makilogalamu komanso bungwe la Malawi Bureau of Standards loyeza masikelo?

Kudimba komweko kuli sayansi yodikira mwana. Pathumba la feteleza pamalembedwa manambala amene alimi ambiri amangowadutsa. Feteleza wobereketsa wa Urea ali ndi 46 peresenti ya nayitrojeni, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a mchere umene mbewu ikufuna. Wa CAN ali ndi pafupifupi 27 peresenti, omwe ndi makilogalamu 13 ndi theka pathumba. Wokulitsa uja wa 23:21:0+4S ali ndi makilogalamu 11 ndi theka a nayitrojeni. Funso n'losavuta: ngati matumba awiri ali pamitengo yosiyana m'sitolo, ndi liti limene likupereka kilogalamu ya nayitrojeni motchipa? Mwana amene angayankhe funsoli wapulumutsa ndalama za banja lake, ndipo wamvetsa maperesenti kuposa amene waloweza tsamba lonse la m'buku.

Chimodzimodzinso kabzalidwe ka chimanga kamene alimi adakapatsa dzina loti Sasakawa. Alangizi amati mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000. Mwana agawe yekha, apeze kuti m'hekitala mumalowa mapando 53,333. Kenako atenge chingwe, akayeze munda wa agogo ake, awerengere kuti mukufunika mbewu yochuluka bwanji. Samu ya kukula kwa malo, imene ana ambiri amaiopa papepala, imasanduka chinthu chogwirika ndi manja.

Phiri lenilenilo ndi chipinda cha sayansi chimene boma silidawonongepo tambala pochimanga. Nsonga ya phiri la Dedza ili pamtunda wa mamita 2,198 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Tauni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600, ndipo ndiyo tauni yokwera kwambiri m'dziko muno. Nyanja ya Malawi, kumene bomali limakathera cha ku Mtakataka, ili pafupifupi mamita 475. Asayansi amati munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Mwana awerengere yekha, apeza kuti pakati pa Dedza boma ndi kunyanja pali kusiyana kwa madigiri oposa 7. Pamenepo adziwa chifukwa chimene kumtunda kumachita bwino mbatatesi, kabichi ndi mapichesi, pomwe wotsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti amavula juzi n'kuyamba kuona milambe.

Amayi a ku Dedza amadziwa kuti nyemba zimachedwa kupsa kwawoko. Buku limati madzi amawira pa madigiri 100, ndipo ana amaloweza choncho. Koma zimenezo zimachitika pamlingo wa nyanja yamchere. Kumtunda mpweya supanikiza kwambiri, kotero madzi amawira asadatenthe kufika pamenepo: pafupifupi madigiri 98 ku Mtakataka, 95 pa Dedza boma, ndi 93 pansonga ya phiri. Sukulu imene ili ndi kachipangizo koyezera kutentha kamodzi kokha, mphika ndi mbaula ingathe kutsimikizira ana zimenezi m'mphindi 20. Mwana amene waona ndi maso ake kuti madzi akuwira pa 95 pomwe buku lati 100 amayamba kufunsa chifukwa chake, ndipo sayansi imayambira pa funso lotere.

M'nkhalango za paini za Dedza ndi Chongoni muli samu ina. Mwana wa wocheka matabwa angayeze chipika, n'kupeza kuti chotalika mamita 5, chonenepa masentimita 30 kuchoka mbali ina kufika ina, chili ndi mtengo wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kiyubiki mita. Atuluka matabwa angati, ndipo ndi mtengo wochuluka bwanji umene utayike ngati utuchi ndi zigamba? Ku Golomoti, m'boma lomweli, kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20 amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Mwana amene kwawo kuli kasola ka mawati 100 angawerengere kuti kakalandira dzuwa lamphamvu maola asanu kayatsa mababu angati usiku, asadafike pa funso lalikulu la mamegawati.

Koma pamene kusadziwa samu kukuluma kwambiri ndi pa ngongole. Mu December, feteleza akafunika ndalama palibe, anthu amathamangira kwa akatapila. Mwachitsanzo, munthu wakongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pamwezi, ndipo mgwirizano ndi wakuti akalephera kubweza, chiwongoladzanjacho chiziphatikizidwa kungongole. Mwezi woyamba ngongole yafika K150,000. Wachiwiri K225,000. Wachitatu K337,500. Pofika mu April, nthawi yokolola, ngongole ija ili pa K506,250. Munda wonse wapita, mwina ndi mbuzi zomwe.

Samu imeneyi ili m'silabasi ya sekondale, ndipo ana amaiyeserera chaka ndi chaka pogwiritsa ntchito fomula yoloweza ndi chiwongoladzanja cha 5 kapena 10 peresenti pachaka. Mwana amapeza yankho lolondola, mphunzitsi n'kuchonga, koma osazindikira kuti samu yomweyo ndi imene idalanda njinga ya bambo ake. Amayi a m'magulu a banki mkhonde nawonso amabwereketsana ndalama, ena pa 20 peresenti pamwezi. Wokongola K100,000 kwa miyezi inayi, akumalipira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, amapereka K80,000 yapamwamba. Ubwino wake ndi wakuti ndalamayo imabwerera kugulu n'kugawana pakutha pa chaka. Kodi mayi amene adaponya masheya ochepa koma adakongola kwambiri wapindula kapena waluza? Limenelo ndi funso loyenera Fomu 3, ndipo buku la gulu limene mayi a mwanayo amasunga ndilo pepala labwino loyesererapo.

Nkhani za chuma cha dziko nazo zimafika ku Dedza msanga, poti bomali lili m'malire ndi Mozambique. Anthu a m'mbali mwa msewu wa M1 amagula ndi kugulitsa ndi anzawo a ku Angonia, ndipo pachipata cha Dedza ndalama ya kwacha imakumana ndi ya metical tsiku lililonse. Mwana wa kumeneko ayenera kudziwa kusintha ndalama papepala asadakumane ndi osintha ndalama a pamsewu.

Pali samu ina imene idasokoneza ngakhale akuluakulu. Mu May 2012 Reserve Bank idatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi ya ku America n'kuchoka pa K168 kufika pa K250. Nyuzipepala zina zidati kwacha yagwa ndi 49 peresenti, zina zidati ndi 33 peresenti. Adanama ndani? Palibe. Mtengo wa dola udakwera ndi K82, ndipo K82 poyerekeza ndi K168 ndi 49 peresenti. Koma kwacha idataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake yogulira dola, chifukwa K82 poyerekeza ndi K250 ndi 33 peresenti. Zomwezo zidachitikanso mu November 2023, pamene dola idachoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Anthu adamva za 44 peresenti, komwe ndi kukwera kwa mtengo wa dola, pomwe kwachayo idataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yake. Mwana amene wachita samu iyi sangapusitsidwe ndi wamalonda kapena wandale wosewera ndi maperesenti.

N'chimodzimodzi ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Wailesi ikalengeza kuti liwiro la kukwera kwa mitengo latsika, anthu amadandaula kuti boma likunama chifukwa m'sitolo zinthu sizidatsike. Samu yake ndi iyi: katundu wa K10,000 akakwera ndi 30 peresenti chaka chino afika pa K13,000. Chaka chamawa akakwera ndi 20 peresenti yokha afika pa K15,600. Liwiro latsika ndithu, koma mtengo wakwerabe. Nzika imene ikumvetsa izi imadziwa chimene ingafunse atsogoleri ake.

Ena anena kuti zonsezi n'zokoma pozimva, koma mwana amapita kusukulu kuti akakhoze mayeso a Maneb, ndipo Maneb sifunsa za ndowa za ku Bembeke. Mfundoyi ndi yolemera ndipo siyenera kunyozedwa. Kuti mwana alowe m'sukulu za ukachenjede za boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo malo ndi ochepa. Kholo limene lagulitsa mbatatesi kuti mwana aphunzire likufuna satifiketi. Mapepala a mayeso akale amam'phunzitsa mwana mmene mafunso amabwerera, Chingerezi chake ndi kasungidwe ka nthawi. Kuwataya kungakhale kupha tsogolo la mwana.

Yankho ndi lakuti njira ziwirizi sizilimbana. Peresenti ya pa feteleza ndi peresenti yomweyo ya papepala la Maneb. Mwana amene wamvetsa chiwongoladzanja pogwiritsa ntchito katapila sadzaiwala fomula yake m'chipinda cha mayeso, chifukwa akudziwa kumene idachokera, ndipo ngakhale ataiwala angathe kuwerengera mwezi ndi mwezi mpaka kupeza yankho. Woloweza akaiwala chilembo chimodzi cha fomula, zake zada. Komanso mafunso ambiri a masamu amalakwika chifukwa mwana sadamve Chingerezi cha funsolo. Akayamba wakambirana ndi anzake m'Chichewa nkhani imene akuidziwa bwino, kenako n'kuilemba m'Chingerezi cha mayeso, mawu ngati profit, loss ndi interest amapeza pokhala m'mutu mwake.

Ena atinso mwana wa ku Dedza asatsekeredwe m'dimba, aphunzirenso za ndege, mafakitale ndi misika ya ku London. Zoona. Koma wokwera phiri amayambira patsinde. Mwana amene wadziwa kuwerengera phindu la matumba 30 sadzavutika kuwerengera la matani 30,000 akadzakhala mkulu wa kampani.

Dandaulo lomveka kwambiri ndi la aphunzitsi. Ntchito yawachulukira kale, makalasi ndi odzaza, ndipo kupeka funso labwino kumadya nthawi kuposa kukopera lakale. Apa mpofunika kukumbukira kuti mutu umodzi susenza denga. Sukulu za pulayimale zili m'mazoni okhala ndi malo okumanirako aphunzitsi, ma TDC, ndipo za sekondale zili m'magulu a makilasita. Kuyambira m'chaka cha 2004 dziko lino lakhala ndi ndondomeko ya Smasse, yomwe idayamba mothandizidwa ndi dziko la Japan, yolimbikitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Maziko alipo kale. Aphunzitsi 20 a m'kilasita imodzi, aliyense atapeka mafunso asanu pa teremu, pakutha pa chaka angakhale ndi kabuku ka mafunso 300 a kwawo, kokhala ndi njira zopezera mayankho. Kabuku kotere sikafuna thandizo la maiko akunja.

Pasukulu iliyonse pangakhale lamulo losavuta: pa mafunso asanu alionse a mayeso akale, pakhale limodzi lochokera kumudzi. Lachisanu lililonse ana azipatsidwa ntchito yokafunsa kunyumba mtengo wa ndowa, kuchuluka kwa feteleza amene adathira ndi matumba amene adakolola, Lolemba n'kudzapanga samu ndi manambala awoawo. Mwana azipatsidwa malikisi chifukwa cha njira imene wayenda, ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka pang'ono, ndipo azifunsidwa kuti afotokoze ndi pakamwa tanthauzo la yankho lakelo. Wopeza kuti mlimi wapindula K9 biliyoni pa ekala imodzi azidzidabwa yekha asadapereke kope kwa mphunzitsi.

Alangizi a zaulimi, ogwira ntchito zankhalango, oumba mbiya ndi makapu, komanso alembi a magulu a banki mkhonde ali ndi manambala enieni m'mabuku mwawo. Mphunzitsi wamkulu atawaitana kamodzi pa teremu kudzacheza ndi ana, sangakane onse. Makoleji osula aphunzitsi, kuphatikizapo ya ku Bembeke, angathe kuyesa wophunzira aliyense pa luso lopeka funso kuchokera pa zimene waona pamsika. A Malawi Institute of Education ku Domasi, omwe amakonza silabasi, pamodzi ndi a Maneb, ali ndi chiwongolero chachikulu kuposa onse, chifukwa chimene mayeso afunsa ndi chimene aphunzitsi amaphunzitsa. Mafunso a mayeso akamabwera m'maonekedwe atsopano chaka ndi chaka, ofuna kuganiza, msika wa mayankho oloweza udzazilala wokha.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Ambiri amati iwo sukulu sadapite nayo patali, choncho za masamu sizikuwakhudza. Chonsecho mayi amene amagula phwetekere pa dengu n'kumugulitsa pa mulu amachita samu yovuta m'mutu tsiku lililonse. Kholo likamuitana mwana pokambirana mtengo ndi venda, likam'patsa kope kuti alembe zonse zimene zalowa m'munda kuyambira mbewu, feteleza, mankhwala a chiwawu mpaka aganyu, lam'patsa phunziro limene sukulu payokha singathe kupereka. Ndipo kholo lomwelo lidzadziwa, mwina koyamba, ngati ulimi wake ukupindula kapena likungosinthanitsa ndalama ndi thukuta.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Dedza mudali anthu oposa 830,000. Mwa ana a anthu amenewa, ochepa okha ndi amene adzafike kuyunivesite. Ambiri adzalima, adzachita geni, adzacheka matabwa, adzayendetsa kabaza, ena adzapita ku Joni. Dziko likamayeza phindu la masamu poyang'ana okhawo amene apeza mapointi 6 kapena 10, ndiye kuti ena onsewo zaka 12 zawo za kusukulu zapita m'madzi. Koma mwana amene watuluka Fomu 4 akudziwa kuwerengera mpamba, phindu ndi chiwongoladzanja wapindula ndi sukulu, kaya dzina lake lidatuluka pamndandanda wa osankhidwa kaya ayi.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dedza ili ndi phiri, madimba, nkhalango, msika ndi malire a dziko, zonse pamphuno pa mwana wasukulu. Chaka chino mavenda abweranso ndi matumba awo, akatapila adikiranso December, ndipo ana achezeranso usiku ndi ma past paper. Mphunzitsi amene Lolemba likubwerali alembe pabolodi funso limodzi la ndowa za mbatatesi adzakhala atayamba ntchito imene unduna wa zamaphunziro ungaitsatire pambuyo.